Apongozi anga ankayankhula ndi mbira

Apongozi anga aamuna, a Yotamu Ziba, tawaika m'manda mwezi wathawu kuno kumudzi kwawo, kufupi ndi Champhira. Anthu anabwera ambiri, ena kuchokera ku Jenda, ena ku Boma komwe anagwirako ntchito, ndipo aliyense woimirira ananena zabwino zokhazokha monga zimakhalira pamaliro. Ine ndinakhala kumbali ya amayi ndikumvera. Zonse zimene ananenazo zinali zoona. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula dzina la Wezi, mwana wanga woyamba, chonsecho manda ake ali pomwepo, kumutu kwa dzenje limene anakumbira agogo akewo. Ndiye ndati ndilembe ndine. Bambo amenewa ndinawaphikira zaka zambiri, ndinkawakonda, ndipo mpaka lero mtima wanga sunawakhululukire bwinobwino.

Ine kwathu ndi ku Kasungu. Kumeneko ndine Nabanda, koma kuno ananditembenuza NyaBanda kuyambira tsiku limene ng'ombe za malowolo zinafika kwathu, amalume anga n'kumazizungulira modabwa poti ife sitinazolowere zolowola. Nditafika, apongozi aakazi, a NyaTembo, anandikhazika pansi n'kundiuza malamulo a pamudzi pano. Mtengwa sayang'ana apongozi aamuna kumaso, sadya nawo pamodzi, ndipo sayankhula nawo maso ndi maso. Ukakhala ndi mawu umapereka kwa apongozi aakazi kapena kwa mlamu wako, iwo ndiwo akafikitse. Ukakumana nawo panjira umapatukira m'tchire n'kugwada, kaya pali chitedze kaya palibe.

Tsoka lake, a Ziba anali munthu wokonda kuyankhula. Pakamwa pawo sipankatsekeka, ndipo lamulo limeneli linkawavuta iwo kuposa ine. Mwambo sankafuna kuuphwanya, poti anali mkulu wa mpingo komanso mkulu wa banja, choncho anapeza njira yawo. Kuseri kwa khitchini kunali khola la mbira, lomangidwa ndi zidina, lofolera ndi udzu, ndipo pakhomo pake panali chitsa chimene ankakhalapo m'mawa uliwonse. Tsiku lina ndikutsuka mbale chapafupi ndinangomva akukweza mawu, nkhope atalozetsa m'khola.

"Imwe mbira, kodi mwamva kuti ndiwo za dzulo mchere unachuluka chomene? Ine lilime lachita kuuma."

Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu wina koma ine. Kenako sindikudziwa chinandilowa n'chiyani, ndinagwada pamwala wina umene unali pataliko, nanenso n'kuyang'ana kukholako.

"Mbira inu, mukawauze kuti mchere wa kuno ndi wamphamvu kuposa wa ku Kasungu. Lero ndichepetsa."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo nkhani zathu zonse zinkadutsa kwa mbira. A NyaTembo ankang'ung'udza kuti uku n'kuzembera mwambo, koma sankapeza poti agwire, chifukwa palibe lamulo loletsa munthu kuyankhula ndi ziweto zake.

Mbirazo sizinali za ndiwo. Pankhani imeneyi mpamene ankakanganirana kwambiri ndi a NyaTembo. Ndiwo zikasowa, mayiwo ankaima pakhomo la khola manja m'chiuno n'kumawerenga ndi maso tinyama tonenepa tikungoguguda udzu, uku banja likudya nkhwani zopanda tomato. Ankati m'mudzi monse muno ndi iwo okha amene anakwatiwa ndi mwamuna woweta nyama kuti aziyiyang'ana. A Ziba ankayankha kuti munthu sadya anzake ogwira nawo ntchito, ndipo nkhani inkathera pomwepo mpaka ndiwo zidzasowenso.

Sankanama kuti anagwira nazo ntchito. Iwo anali munthu wa mu labu, woyeza magazi. Anaphunzira ntchitoyo ku chipatala chachikulu cha kum'mwera, komwenso anatolako Chichewa chawo chosakaniza chija, kenako anabwera kudzagwira ku Boma mpaka kupuma. Masiku amenewo poyeza chindoko pankafunika nkhosa ndi mbira. Ankatenga magazi a nkhosa pakhosi, a mbira pamtima penipeni ndi jakisoni woonda, ndipo ankadzitama kuti dzanja lawo linali lofewa moti mbira inkadzuka n'kupitiriza kudya ngati palibe chachitika. Magazi a mbirawo akagwirana, pamwamba pankayandama timadzi tachikasu. M'timadzi timeneto, iwo ankatero, muli chinthu chimene azungu amati kompulimenti, koma iwo anachipatsa dzina loti mthandizi. Chinthucho sichioneka ngakhale pagalasi lokulitsa zinthu, ndipo chimafa msanga ndi kutentha, n'chifukwa chake ankakangana ndi aliyense wotsegulatsegula firiji ya palafini ya mu labu. Njira yatsopano yoyezera itabwera, mbira zinasowa ntchito ndipo anthu a kukhitchini ya chipatala anayamba kuzinolera mipeni. A Ziba anazilonga m'dengu n'kuzikweza panjinga. Zimene ndinazipeza ine zinali zidzukulu za zimenezo.

Chinanso chimene anabwera nacho popuma chinali maikulosikopu yakale, galasi loonera tinthu tosaoneka ndi maso, imene dokotala wina anawasiyira pobwerera kwawo. Sinkafuna magetsi. Inali ndi kagalasi pansi kotengera kuwala kwa dzuwa, ndiye ankaiika pakhonde dzuwa likakwera n'kumatembenuza kagalasiko mpaka kuwala kulowe. Ankaifunditsa nsalu yoyera imene palibe ankaloledwa kuichapa koma iwo eni. Ana a m'mudzi ankaiopa, akulu ankailemekeza, ndipo iwo ankasangalala ndi zonse ziwiri.

Sukulu yanga ya za m'thupi ndinaiphunzirira pamwala uja, ndikusenda mbatata kapena kutongola chimanga, iwo akuphunzitsa mbira. Ankati m'magazi mwa munthu muli tiasilikali ting'onoting'ono timene timakhala phee mpaka mdani alowe. Mulinso ena akuluakulu, amimba zazikulu, amene iwo ankawatcha achimeza chifukwa ntchito yawo ndi kumeza. Mthandizi uja amayenda m'magazi n'kumapaka chizindikiro pa chilichonse chachilendo kapena chakufa, achimeza n'kubwera kudzameza chopakidwacho. Koma ntchito yaikulu ya achimeza, iwo ankatero atatukula chala, si kudya kokha ayi. Ndiwo amadzutsa tiasilikali kuti tiswane tichuluke nkhondo ikabuka, ndipo ndi iwo omwewo, pamodzi ndi mthandizi, amene amati basi kwatha, lekani kuswana, n'kusesa mitembo yonse. Mwanabere akatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche, ndiye kuti tiasilikali tikuswana. Ukadikira amaphwa yekha, chifukwa eni thupi amadziwa pomalizira.

Chikhulupiriro chimenechi ankachigwira ngati Baibulo. Ankakonda kunena kuti thupi lili ndi eni ake, ndipo mlendo wosadziwa asamalowerere ndi lumo. Apa ankalasa mng'ono wawo, a Simeoni, amene ankatema mphini pa chotupa chilichonse, kaya ndi kapamba kaya ndi mwanabere. Abale awiriwa anatha chaka chathunthu osapatsana moni chifukwa cha mwana wina amene a Simeoni anamutema m'khosi bala n'kuola. Amayi ambiri ankabwera ndi ana otupa, a Ziba n'kugwiragwira, kufunsa za bala kapena chilonda, n'kuwauza kuti apite akadikire. Nthawi zambiri ankalondola. Ndikunena zimenezi kuti mumvetse chifukwa chimene mawu awo ankalemerera pamudzi pano, ndi kwa ine ndemwe.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene chinkawatseka pakamwa, ndicho kum'mwera. Analumbira kuti sadzawolokanso mtsinje wa Bua. Chifukwa chake ndinachimva kwa a NyaTembo, monong'ona, tili kudambo. Ku chipatala chachikulu chija a Ziba ankagwira tebulo limodzi ndi mnzawo wa kumpoto konkuno. M'mawa wina kunabwera anthu ndi galimoto n'kumuitanira panja mnzawoyo, ndipo sanabwerenso. Jasi lake loyera linatsala lili pamsomali. Palibe analichotsa, palibe anafunsa, anthu ankangolilambalala. Masiku amenewo munthu wa kuno wophunzira ankayenda chogwira mtima, ndipo kufunsa komwe kunali mlandu. A Ziba anayang'ana jasilo mpaka anapempha kuti awasamutsire kwawo. Atabwera kuno mantha sanawasiye. Kamodzi achinyamata a chipani anafika pakhomo atamva mphekesera yoti mkuluyu amapopa anthu magazi n'kumasunga. Bambo olongolola aja anasanduka mwana. Anatulutsa makadi a chipani a banja lonse, anaonetsa khola, anaonetsa tibotolo tawo ta utoto wa mu labu, n'kumangothokoza kuti yewo, yewo, kwa ana amene anawaona akubadwa. Atachoka anakakhala pachitsa chija tsiku lonse osayankhula ngakhale ndi mbira.

Wezi dzinalo anamupatsa ndi iwo. Anali mdzukulu wawo woyamba, ndipo ankamukonda moonetsera mpaka azakhali ake kuchita nsanje. Kuno mdzukulu ndi agogo ake alibe malire, ndiye zimene ine sindikanatha, iye ankachita. Ankawakwera pamsana, ankawalanda chipewa, ankawatcha mwamuna wake waulesi. Ntchito yake inali yomwetera mbira udzu, ndipo iliyonse anaipatsa dzina. Bambo ake nthawi imeneyo anali ku migodi ku Joni, choncho pa zonse zokhudza mwanayo mawu omaliza anali a agogo ake. Ng'ombe zija zikapita, mwana ndi wa kuchimuna. Zimenezi ndinkazidziwa, ndipo sizinandivutepo mpaka chaka chimene Wezi anayamba kuguluka mano.

Chinali chilimwe. Dzino lina linagwedera, tsaya lakumanzere n'kutupa pang'ono, ndipo tonse tinati ndi dzino basi. Linachoka koma tsaya silinaphwe. Mano ena oyandikana nalo, amene nthawi yake inali isanakwane, anayambanso kugwedera. Mwanayo sankalira, sankatentha thupi kwenikweni, koma m'mawa uliwonse ndikamusambitsa kumaso ndinkaona kuti nkhope yake yapendekekanso kuposa dzulo. Ndinapita naye ku kachipatala kathu kakang'ono, komwe kunali dokotala wachinyamata wa ku Ntcheu. Atamuyang'ana m'kamwa anasiya kumwetulira.

"Mayi, ichi si cha dzino. Ndinaonapo zotere tili kusukulu. Pitani naye ku Boma mawa lomwe, akakulembereni zopita kum'mwera. Mankhwala ake ali kumeneko, ndipo amagwira ntchito mukafulumira."

Mawuwo ndinawapereka kwa a NyaTembo, a NyaTembo n'kuwafikitsa. A Ziba anapsa mtima. Anati mwana wa dzulodzuloyu wayamba liti kudziwa matenda osayang'ana pagalasi. M'mawa mwake dzuwa litakwera anavundukula maikulosikopu, anawiritsa jakisoni, anamunyengerera Wezi ndi nthochi, n'kutenga kadontho m'chotupamo. Anakapaka pakagalasi, anathira utoto wawo, anadikira kuti kaume, n'kuwerama. Anakhalitsa chowerama. Ine ndinali pamwala wanga, mtima uli m'malere. Atadzuka anapita kukhola n'kukhala pachitsa.

"Imwe mbira, muwaphalire a NyaBanda kuti asaope yayi. Achimeza alimo ambiri chomene, okhuta onse, ali pantchito. Tiasilikali tachuluka chifukwa cha dzino lija, mbwenu eni thupi atiletsa okha. Ngati mayi wa mwana akufuna kuona, galasi lili apo."

Anapita kudimba kuti andipatse mpata. Ndinakwera pakhonde n'kuika diso langa pamene iwo ankaika lawo. Ndinaona timadontho tobiriwira tothinana, ndipo apo ndi apo panali zina zazikulu zoyererako, zitakhala pakati ngati nkhuku pa chimanga choyanika. Ndinati amenewa ndiye achimeza aja. Ndinatsika mtima uli pansi, ndipo tsiku limenelo ndinadya.

Masabata anapita. Tsaya linakula mpaka diso lakumanzere linayamba kutsekeka. Wezi anasiya kutafuna, ankangomwa phala. Ana anzake anayamba kumuthawa. A NyaTembo anamumangirira kachithumwa m'chiuno mobisa, a Simeoni anabwera ndi lumo lawo n'kuthamangitsidwa. Ine m'mawa uliwonse ndinkagwada pamwala uja.

"Mbira inu, ndapota, mukawauze kuti mwana sakudya. Mukawauze kuti dokotala uja anati tifulumire."

"Imwe mbira, munthu wofulumira ndi amene amasokoneza eni thupi. Tidikire sabata iyi yokha."

Sabata imeneyo ikatha ankatchula ina. Nditalimbikira kwambiri tsiku lina, anauza mbira kuti kum'mwera si kumsika koti munthu angopitako, ndipo anatseka chitseko cha khola n'kuchoka. Musandifunse chifukwa chimene sindinathawe naye mwanayo. Wofunsa zimenezo sanakhalepo mtengwa pamudzi wa eni, mwamuna ali ku Joni, msewu uli wodzaza ndi ofunsa makadi ndi ofunsa kuti mwana uyu ngwa yani. Komanso ndinali nditaona ndi diso langa nkhuku zija pa chimanga, ndipo munthu wondiuza tanthauzo lake anali asanandinamizepo.

Zinasintha m'mawa wina Wezi akubwera ndi kamtolo ka udzu, poti ngakhale anali atafooka sankalola wina kudyetsa mbira zake. Atafika pafupi ndi khola anangokhala pansi mwadzidzidzi. Anayesa kudzuka, miyendo inakana. Anayang'ana agogo ake ndi diso lake limodzi lija n'kunena kuti, "Agogo, miyendo yagona." A Ziba anamutsina chala chakuphazi, mwana osamva kanthu. Anamutsinanso pabondo. Kenako analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akugubuduza sutikesi. Anatuluka atavala jekete la kutchalitchi, makadi a chipani ali m'thumba la pachifuwa. Sanapite kukhola. Anabwera molunjika pamene ndinali, anaima patsogolo panga, n'kundiyang'ana m'maso.

"NyaBanda, berekani mwana. Tikupita."

Aka kanali koyamba kundiyankhula ine mwini, ndipo sanadzachitenso mpaka kufa kwawo. Palibe chimene chinandiopsapo m'moyo mwanga ngati mawu amenewo. Ndinadziwa pomwepo kuti zaipa.

Anatikweza panjinga mpaka pamsewu, tinapeza galimoto ya ku Boma, ndipo kumeneko sanatichedwetse. Mawa lake tinali m'basi ya kum'mwera, tikudutsanso pa Jenda pomwe tikanakwerera kalekale. Pamene basi inkawoloka Bua ndinawaona apongozi anga atatseka maso, milomo ikuyenda. Pa malo alionse oimitsa magalimoto ankatulutsa makadi asanafunsidwe. Koma palibe anawagwira, palibe anawazindikira, palibe ngakhale anawayang'ana kawiri. Titafika ku chipatala chimene anachiopa zaka zonsezo, anthu a mu labu anali achilendo okhaokha. Chinthu chimene chinatidyera nthawi yonse ija sichinali kutidikira n'komwe.

Dokotala wa ana anali mayi wamfupi wosachedwa ndi mawu. Anafotokoza kuti ndi khansa ya tiasilikali tomwe tija. Timaswana mosalekeza, osamvanso woletsa aliyense, ndipo chifukwa timaswana mothamanga timafanso tambiri, n'chifukwa chake achimeza amachuluka n'kumaoneka okhuta. Amangosesa mitembo, nkhondo sakuipambana. Kenako anafunsa kuti chotupacho chinayamba liti. Nditayankha, anavula magalasi ake n'kufunsa kuti nanga nthawi yonseyi tinali kuti. A Ziba anali ataima pakhomo chipewa chili m'manja. Sanatchule zoti anagwirapo ntchito m'nyumba imeneyo.

Mankhwala aja analidi amphamvu, ndipo ichi ndi chimene chimandipweteka koposa. Atamubaya, masiku ochepa okha tsaya linayamba kuphwa tikuona. Diso linatseguka. Nkhope ya mwana wanga inabwerera yonse, yokongola monga kale, ndipo anapempha chimanga chokazinga. Ndinaona ana ena m'chipindamo, amene anabwera msanga, akutuluka akuthamanga. Koma kwa Wezi matendawo anali atalowa kale mumsana ndi m'mutu, kumene mankhwalawo sankafika bwino. Miyendo sinadzuke. Tinabwerera kumudzi mvula yoyamba itagwa, agogo ake atamunyamula pamiyendo njira yonse. Ankamutulutsa m'mawa uliwonse n'kumukhazika pamphasa pafupi ndi khola kuti aziitana mbira zake mayina. Anamwalira chimanga chisanamasule, ali ndi nkhope yake yeniyeni.

Maikulosikopu ija sinavundukulidwenso. Amayi akabwera ndi ana otupa, a Ziba ankangoloza njira ya kuchipatala osagwira n'komwe mwanayo, ndipo ena ankawapatsa njinga yawo. Za achimeza ndi mthandizi sanaziphunzitsenso. Bambo a Wezi atabwera ku Joni anauzidwa kuti chinali chifuniro cha Mulungu, ndipo anavomera, poti mwana safunsa atate ake mafunso otere. Ine ndinakhala zaka osagwada pamwala uja. Mawu anga ankadzera kwa a NyaTembo monga mwambo umafunira, ndipo anali mawu a mchere ndi sopo basi.

Koma anthu okhala pakhomo limodzi sangathawane mpaka kale. Ndinabereka ana ena, iwo anawapatsa mayina. A NyaTembo atamwalira panalibenso wodutsitsa mawu, ndiye tinabwerera kwa mbira. Tinkakambirana za fetereza, za mitengo ya fodya, za aphunzitsi a kuno amene anabwezedwa kuchokera kum'mwera ndi katundu wawo pamalole. Nthabwala zinabwereranso pang'ono. Anayambanso kudandaula za mchere, ine n'kumawauza kudzera kwa mbira kuti lilime lokalamba ndi limene lavuta. Ndinkawachapira, ndinkawatenthetsera madzi, maso atayamba kuchita khungu ndinkawadulira udzu wa ziweto zawozo. Zaka zonsezo dzina la Wezi silinatuluke pakamwa pawo, ngakhale kwa mbira. Ine ndinkadikira. Ndinkati munthu amene anatha kundiyang'ana m'maso tsiku lija adzathanso tsiku lina.

Matenda awo omaliza sanatenge nthawi. Atalephera kutuluka panja, masana ena anatuma mwana wanga wamkazi wotsiriza kuti akagwire mbira imodzi abwere nayo m'dengu, kenako anamuuza kuti apite akasewere. Ine ndinali pakhomo la chipinda ndi mbale ya phala. Anaika dzanja lawo loonda m'dengumo n'kumasisita kanyamako, nkhope atatembenuzira kukhoma.

"Iwe mbira, umuphalire NyaBanda kuti tsiku lija pakhonde ndinaona makora, bwinobwino. Achimeza analimo, inde. Koma tiasilikali tija tinali tikulutikulu, tofanana tonse ngati tobadwa tsiku limodzi. Zotere ndinali nditazionapo kum'mwera, ndinkazidziwa. Mbwenu ndinasiya kuyang'ana ito, n'kumayang'ana achimeza okha, chifukwa ndinkaopa msewu. Umuphalire kuti si galasi linanama yayi. Ndine."

Mbale inatentha m'manja mwanga koma sindinaiike pansi. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti mkuluyu analakwitsa monga munthu aliyense amalakwitsira, kuti diso linawanamiza. Tsopano anali atandilanda ngakhale chitonthozo chimenecho. Ndipo ananena kwa mbira. Popita kum'mwera anatha kuphwanya mwambo, koma pa mawu awa, amene anali anga ine mayi wa mwana, anabisala kuseri kwa kanyama kodya udzu. Anadikira yankho. Ndinamva mpweya wawo ukukoka, mbira ikuguguda m'dengu. Ndinagwada, ndinaika phala pampando, n'kutuluka. Anakhalanso masiku angapo, ndinawasamala monga kale, koma dengu lija sanaliitanitsenso, ndipo ine sindinalibweretse.

Pamaliro anthu anachuluka kuposa ndiwo. Ine ndinali m'nyumba ya siwa ndi amayi anzanga, ndipo sindinadziwe zimene zinkachitika kuseri kwa khitchini. Anyamata okumba manda atabwerako ndi njala, wina anakumbukira khola. Mwini wake woletsa anali atagona m'bokosi, ndiye sanasiyeko ndi imodzi yomwe. Ndinamva mawa lake nditaona ubweya pa dzala. Sindinakalipire munthu, chifukwa kwa iwo zinali mbira basi.

Khola lilipobe. Chitseko chake chili pululu, chikulendewera pa waya umodzi, ndipo mkati muli udzu wouma ndi kambale kadothi komwera madzi. Fungo lija likutha pang'onopang'ono. Chitsa chili pomwe chinali, chosalala pamwamba chifukwa chokhalidwa, ndipo nkhuku zayamba kukwerapo. Maikulosikopu ana awo akukanganirana kuti ipite kwa yani, koma palibe waivundukula. Manja anga sanazolowere, moti m'mawa ndikamachokera kudimba ndimapezeka ndamweta udzu osadziwa. Dzulo ndinafika nawo mpaka pakhola. Ndinauponya mkati, ndinabwerera pamwala wanga n'kugwada, ndipo ndinayamba kuti, "Mbira inu, mukawauze." M'kholamo munali zii. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linandiwotcha kumsana, kenako ndinadzuka, ndipo mawu amene ndinabwera nawo ndinabwerera nawo kunyumba.